Ndinamuyimba Mwana Wanga Pabwalo la Basiketi

Ine basiketi sindinaiphunzire kusukulu. Ndinaidziwira pageti pa koleji ya ntchito zamanja, pomwe ndakhala ndikugulitsa zitumbuwa ndi nthochi kwa zaka zambiri. Bwalo lake lili pafupi ndi getilo, la simenti, ming'alu yake yomera udzu, ndipo madzulo alionse ana asukulu akaweruka ankabwera kudzagunditsa mpira wawo pansi, du du du, mpaka mutu kuwawa. Poyamba ndinkawaseka. Ndinkati anthu akuluakulu, ena ndevu pepeya, kulimbirana kulowetsa mpira m'kachitsulo kobowoka, nanga ukalowa sugwanso pansi? Koma ukakhala pamalo amodzi tsiku ndi tsiku maso sasankha choona. Chisanathe chaka ndinali nditadziwa kuti uyu wayenda ndi mpira, uyu wamenya mnzake dzanja, ndipo ndinkamukalipira lifali kasitomala ataima patsogolo panga kudikira nthochi zake.

Matimu ena ankachokera ku Blantyre, ena ku Thyolo, ndipo akatigonjetsa tinkangoti zachitika, n'kukagona tulo tabwino. Koma panali koleji ya aphunzitsi ya mbali ya ku Milonde. Amenewo ndiye ayi. Ife tinkawatcha a Choko, iwo ankatitcha a Sipanala, ndipo tinkakumana kawiri pachaka, kwawo mvula ikangotha, kwathu nyengo ya chiperoni. Ankayamba atsikana, kenako anyamata. Chomwe chinayambitsa udaniwo palibe akuchidziwa, ngakhale ana asukuluwo, poti iwo amangokhala zaka ziwiri zitatu n'kumapita. Otsala nacho chidanicho ndife a pageti, othyola tiyi amene amabwera Loweruka akaweruka, ndi a kabaza. Chaka china a Choko anatikwapula konsekonse, ndipo lole yawo inaima dala pa Chonde, kuliza hutala mpaka nkhuku za pamsika kubalalika. Sabata yonseyo ndinkapsereza zitumbuwa. Chaka chotsatira chiperoni chinanyowetsa bwalo, lifali n'kunena kuti masewera alephereka. Ife amayi tinavula zitenje zapamwamba n'kupukuta simenti yonse chogwada, chifukwa tinkadziwa kuti chaka chimenecho timu yathu inali ya moto. Tinawaswa, ndipo maondo anandiwawa mpaka Lachitatu.

Koma ntchito yanga yeniyeni inali nyimbo. Mbali yathu ya bwalo pali kamtunda ka udzu pomwe timakhala, ndipo woyambitsa nyimbo ndinali ine, ena onse n'kumavomera. Musaganize za nyimbo zotamanda timu, zimenezo n'za ana asukulu. Zathu n'zoyimba munthu. Kukatsala sabata kuti tikumane ndi a Choko ndinkapita pa Chonde tsiku la msika, osati kukagula kanthu, koma kukatola nkhani. Wa saluni akuuza kuti wamtali uja anamukana chibwenzi pagulu, kondakitala akuuza kuti kaputeni wawo anamutsitsa m'minibasi atasanzira anthu. Ine n'kumazisoka nkhanizo ndikukanda ufa wa zitumbuwa. Mu basiketi munthu akamulakwira amaima pamzere kuti aponye kawiri popanda womutchinga, bwalo lonse lili zii. Nyimbo ya munthu imaponyedwa pamenepo. Ndaonapo anyamata a zifuwa ngati zitseko manja akuwanjenjemera.

Tili ndi malamulo awiri, ndipo amene anawakhwimitsa ndine ndemwe. Loyamba, nyimbo sinama. Ukayimba bodza woyimbidwayo amangoseka. Lachiwiri, woyambitsa salandidwa nyimbo pakamwa. Zili ngati kumaliro: mnzako akadali ndi mawu, iwe ntchito yako n'kuvomera basi. Koma akangoti duu, kaya akumwa madzi kaya mawu amuthera, aliyense ali ndi ufulu woponya yake, ndipo gulu limatsata iyeyo.

Pambali panga pagetipo pamakhala mayi wina wogulitsa zigege, wamkulu pang'ono kwa ine, ndipo mawu ake ndi okoma kuposa anga, ndivomere. Chaka china mwana wa mchemwali wake ankasewera ku Choko, kamtsikana kakafupi kothamanga koopsa. Ine ndinatola nkhani yoti bambo ake a kamtsikanako anawagwira ndi thumba la feteleza wa kuesiteti panjinga. Mayi wa zigege anandipempha. Anati, "Achemwali, imeneyo isiyeni, mwanayo sanabe ndi iye." Ine ndi kamwa langali ndinayankha kuti pabwalo palibe chibale, ndipo ndinaiyimba. Mtsikanayo anatuluka masewera ali m'kati akulira, ife n'kupambana. Mayi wa zigege anavomera nawo nyimboyo mpaka kumapeto, poti lamulo ndi lamulo, ndipo Lolemba anandipatsa moni ngati masiku onse.

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anakulira pageti pomwepo. Anatengera msinkhu wa bambo ake, omwe amayendetsa thirakitala kuesiteti, ndipo ali ndi zaka khumi ankalowetsa kale mpira m'chitsulo muja ana akoleji akamapuma. Ali Fomu 2 anatenga mimba. Mnyamatayo anawolokera ku Mozambique, mpaka lero. Za chaka chimenecho sindikonda kunena zambiri. Ndinalira, ndinatukwana, ndinasiya kupita kutchalitchi miyezi itatu chifukwa cha maso a anthu. Khandalo, lalikazi, litasiya kuyamwa ndinalitenga kukhala langa, mayi wake ndinamutumiza kwa mchimwene wanga ku Phalombe kukayambiranso sukulu. Kamwanako kanakula kakunditcha ine amayi, mayi wake weniweni n'kumamutcha asisi. M'mudzi aliyense ankadziwa, koma kwathu kuno chinthu chikhoza kudziwika ndi mudzi wonse popanda wochitchula pakamwa.

Atakhoza Fomu 4 anamutenga ku koleji ya aphunzitsi, ku Choko komweko. Ndinasangalala, ndinachitanso mantha. Tsiku lonyamuka ndinamukhazika pansi n'kumuuza kuti, "Kumeneko ukakhale mtsikana ngati anzako. Za kunozi usakatsegule pakamwa, wamva? Akadziwa sadzakuonanso ngati mphunzitsi, adzakuona ngati ntchembere yolephera." Iye anangoti, "Ndamva, amayi," kwinaku akumanga chikwama. Nkhani ya mwanayo ine ndi iye sitinkaikamba. Ndinailetsa ndine kalekale, ndipo tinazolowera choncho.

Chaka chake choyamba ankangokhala pabenchi, ndipo wa pabenchi sayimbidwa. Chaka chachiwiri anayamba kusewera. Masewera a kwawo ife a pageti sitinapite chifukwa m'mudzi munagwa maliro, koma ana asukulu anabwerako nkhope zili ndwii. Akuti wamtali watsopanoyo ankangoti akagwira mpira, walowa. Anandizungulira pagetipo n'kumati, "Amayi, mwatiberekera mdani." Ndinaseka nawo, mumtima ndikunyada kwambiri, ndipo tsiku limenelo nthochi ndinkapereka ndi basera yemwe.

Lachiwiri la sabata yomwe a Choko ankabwera kwathu, ndinamva mayi wa zigege akung'ung'udza kanyimbo kwinaku akutembenuza mbatata m'mafuta. Kanali kokoma, kosavuta kugwira. Ndinamufunsa kuti n'ka kwaya iti. Iye anayimba mawu ake motsitsa, osandiyang'ana:

"Aphunzitsi, bwererani,
mwana akulira kunyumba.
Asisi ake ndi mayi ake,
choko sichiyamwitsa."

Mayi wa zigege anavuula mbatata zake bwinobwino, n'kundifunsa, "Ndi yabodza?"

Ndinati si yabodza.

"Ndiye ndi yabwino," anatero, n'kuthira mchere.

Lachitatu ndinapita kunyumba kwake ndi tambala kukhwapa. Ine, munthu amene sindinagwadirepo mkazi mnzanga, ndinagwada pakhonde pake. Ndinamuuza kuti nyimboyo ikangotuluka pabwalo, Lolemba koleji yonse ya mwana wanga idzakhala ikuiyimba, ndipo ana a pamjigo kwathu adzaiyimbira kamwana kaja kosadziwa kanthu. Iye anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Tambalayo mukadye ndi abambo akunyumba. Pabwalo palibe chibale, munatero ndinu. Koma musade nkhawa, sindikulandani nyimbo pakamwa, lamulo ndikulidziwa. Ndingodikira kuti mutope."

Ndinabwerera ndi tambala wanga ndikupsa mtima, koma woti ndimupsere mtimayo panalibe. Msampha unali wanga, ndinautchera ndekha, ndipo mayi wa zigege sanawonjezerepo ngakhale kachingwe. Ndinayesa njira zonse m'mutu. Ndikakhala pakhomo, woyambitsa akhala iyeyo kuyambira pachiyambi. Ndikakakhala mbali ya a Choko kukachemerera mwana wanga, n'chimodzimodzi, ndiponso ndikhala ndawapatsa mawu ena owonjezera. Kukapempha akuluakulu a koleji kuti aletse nyimbo, ndiye kuti ndiwauze chifukwa chake. Abambo akunyumba, anthu osadziwa n'komwe kuti mpira wa basiketi amaugwira ndi manja kapena mapazi, anangoti, "Si ungodwala Lowerukalo?" Ndinawayang'ana mpaka anadzuka kukaona njinga yawo.

Lachinayi ndinamuimbira foni mwana wanga. Ndinkafuna kumuuza kuti asabwere, anene kuti bondo likuwawa. Koma anayankha ndi mawu osangalala, akuti aphunzitsi awo amasewera amuuza kuti akapitiriza choncho akhoza kukamuyesa ku timu ya chigawo. Anati, "Loweruka mukonzeke kulira, amayi, a Sipanala anuwo." Ndikanayamba bwanji? Kuti ndimuuze chifukwa, ndinayenera kutchula nkhani yomwe ndinailetsa ndekha. Ndinangoti usewere bwino, n'kudula.

Njira inatsala imodzi, yomwe mayi wa zigege anandionetsa yekha. Ndiyimbe osaleka, kuyambira wezulo yoyamba mpaka yomaliza, asapeze mpata. Basiketi ili ndi magawo anayi a mphindi khumi khumi, koma wotchi yake imaimaima, ndiye pamodzi ndi nthawi zopuma zimapitirira ola ndi theka. Ndipo ndinkadziwa kuti gulu silingandilole kumangoyimba osewera ena, lidzafuna wamtaliyo. Ndinati chabwino, ndimuyimba ndekha, zing'onozing'ono zosapweteka, zoti iyenso aziseka. Lachisanu lonse ndinasoka nyimbo khumi. Ndinatafuna jinja, ndinamwa madzi a mandimu ndi uchi, ndinameza dzira laliwisi monga amachitira a kwaya, ngakhale limandinyansa. Kamwana kaja ndinakasiya kwa alamu anga ku Chonde kuti kakhale kutali.

Loweruka kunacha bwino, phiri likuoneka lonse, popanda chiperoni choti n'kundipulumutsa. Anthu anabwera ambiri kuposa masiku onse, chifukwa mbiri inali itamveka kuti lero mayi ndi mwana akumana. Mayi wa zigege anayala chitenje chake pambali panga penipeni, mapewa athu kugundana, atanyamula botolo la madzi. A Choko atatsika mu lole mwana wanga anandikwezera dzanja. Anali atavala yunifolomu yawo yobiriwira, tsitsi atamanga kumbuyo, wokongola moti ndinafuna kulira. Lifali analiza wezulo, ine ndinayamba:

"Wamtali uja, taonani mapazi,
nsapato amabwereka kwa bambo ake."

Kamtunda konse kanagwa ndi phwete. Mayi kuyimba mwana wake, sizinachitikepo. Anavomera mwamphamvu moti ndinamva m'chifuwa. Mwana wanga anacheuka, akuseka, n'kundiloza chala, kenako analandira mpira n'kuulowetsa ali patali. Ndinati Mulungu ngwabwino, zitheka. Ndinayimba zoti amaopa achule. Ndinayimba zoti akaphika phala limapserera pansi pamwamba pali paliwisi. Ndinayimba zoti anathawa jakisoni kuchipatala mpaka kukabisala m'chimbudzi. Iye ankangosewera, ndipo ankatimenya zenizeni.

Cholakwa changa chinali kuwerengetsa. Nyimbo khumi ndinkaziyesa zambiri, koma nyimbo ya pabwalo sikhalitsa. Ukaibwereza kasanu kapena kasanu ndi kamodzi anthu amayamba kuvomera mwaulesi, ndipo gulu likasiya kuvomera ndiye kuti iwenso wakhala chete. Gawo lachiwiri lisanathe zonse khumi zinali zitatha. Pa nthawi yopuma yaitali ija, osewera atakhala pansi kumwa madzi, ine ndinali chiimire, kukumba nyimbo zakale za osewera amene anachoka kalekale. Anyamata a kabaza anayamba kukuwa kuti, "Za wamtaliyo, amayi, za wamtaliyo." Kummero kunali kutauma ngati ndadya chinangwa chootcha. Mayi wa zigege anatsegula botolo lake n'kundilozetsa. "Imwani, achemwali," anatero mwaulemu. Ndinalikankha ndi chigongono ndikuyimbabe.

Gawo lachitatu ndinayamba kusoka pomwepo, chiimire. Ndipo zoti ungasoke mwachangu ndi zimene uli nazo kale mumtima. Zing'onozing'ono zinali zitatha, zotsala zinali zazikulupo. Ndinayimba zoti analephera mayeso a Sitandade 8 ulendo woyamba n'kukabisala m'munda wa tiyi tsiku lonse. Ndinayimba zoti analembera kalata mnyamata wa kwaya, mnyamatayo n'kuibweza atakonza masipelo. Nyimbo iliyonse ndinkadziuza kuti iyi ndi yabwinoko kusiyana ndi ijayi. Kenako ndinayimba za chibwibwi chomwe anali nacho ali mwana, ndipo ndinachiyeserera, a-a-a-amayi, monga ankachitira akafuna kupempha kanthu. Anthu anagubuduka pa udzu. Mwana wanga sanacheukenso. Anayamba kuponya mofulumira, mipira ina n'kumamenya chitsulo, ndipo timu yathu inayamba kuwapeza. A Sipanala ankandiombera m'manja, wina anandikulunga mpango wa timu m'khosi. Ine mumtima ndinkapemphera kuti mwana wanga alowetse uliwonse, pakamwa ndikumugwetsa.

Ndinkadana nalo gulu limenelo, anthu amene ndakhala nawo zaka zonsezi. Ndinkadana ndi mano awo. Koma ndinkawafuna kuti avomere, ndipo akamaseka kwambiri mtima unkakhala pansi pang'ono, chifukwa nyimbo yoseketsa imatenga nthawi yaitali isanazizire. Mayi wa zigege ankavomera nawo iliyonse, mokoma, osaphonya.

Gawo lomaliza mawu anayamba kundithawa. Ankatuluka osasa, ena n'kumangotuluka mpweya. Ndinkamenya m'manja kuti anthu asaone, ndinkaponda pansi, thukuta lili kamukamu. Ndinkayang'ana mtsikana wogwira wotchi patebulo paja ngati iye ndiye mpulumutsi, koma lifali ankangoliza wezulo, wotchi n'kuima. Kutatsala masekondi ochepa tinali patsogolo ndi pointi imodzi. Mwana wanga analowa ndi mpira pansi pa chitsulo, wathu wina anamukoka dzanja, lifali n'kuloza pamzere. Kuponya kuwiri. Akalowetsa umodzi tifanana, masewera awonjezera mphindi zisanu zomwe ine ndinalibe mawu ake. Akalowetsa yonse apambana.

Nyimbo yomwe ndinali nayo inafera pomwepo, anthu anasiya kuvomera kuti aone. Bwalo linati zii. Mwana wanga anagunditsa mpira pansi kamodzi, kawiri. M'mutu mwanga munalibe kanthu, ndinali nditapereka zonse. Pambali panga ndinamva mayi wa zigege akukoka mpweya, phewa lake likukwera pa langa. Ndiye ndinatsegula pakamwa, ndi timawu totsalato, ndipo chinatuluka ndi ichi:

"Mphasa yako ndinkayanika ndine,
m'mawa uliwonse kuseri kwa nyumba,
mpaka Sitandade 7, mwanawe,
mvula yako yosadikira dzinja."

Nkhani imeneyi ngakhale bambo ake sankaidziwa. Ndinkadzuka iwo asanadzuke kukayanika mphasayo kuseri, pa nthochi, ndipo kuchipatala ndinkapita naye mobisa, n'kumanama kuti tikupita kumsika. Tsiku lina ali ndi zaka khumi ndi ziwiri anandigwira chitenje akulira n'kundilumbiritsa kuti sindidzauza munthu. Ndinalumbira.

Mawu anga anali aang'ono, koma pabwalo pa zii anamveka mpaka kutsidya. Kamtunda kanaphulika. Anaigwira nthawi yomweyo, amayi, a kabaza, ana asukulu, onse, mvula yako yosadikira dzinja. Mwana wanga anaima ndi mpira m'manja nthawi yaitali, mpaka lifali anamukodola. Woyamba unamenya chitsulo n'kubwerera. Wachiwiri sunafike n'komwe. Wezulo inalira, ana asukulu anathamangira m'bwalo ndi ng'oma zawo, ndipo nyimbo zoyimba munthu zinathera pomwepo, zinayamba za chipambano.

Anandinyamula m'mwamba. Anthu anayi, ine mayi wamkulu chitenje chikumasuka, kundizungulitsa bwalo. Ndinkawamenya mitu kuti anditsitse koma ankayesa ndikusangalala. Atanditsitsa ndinapeza mayi wa zigege akupinda chitenje chake. Anandipatsa botolo lija, ndipo ulendo uno ndinamwa. Anandiyang'ana ndikumwa, kenako anati, "Ine yanga inali imodzi yokha, achemwali. Kumene mwafika inuko ine sindikanafikako." Sananene monyoza, ndipo ndikanakonda akananyoza.

Anyamata atayamba masewera awo ndinapita kukamufuna. Ndinamupeza pampopi kuseri kwa khitchini ya koleji, akusamba kumaso, anzake atatu atamuzungulira. Ndinali nditakonza zoti ndinene: kuti ndakupweteka, inde, koma ndakubisira chachikulu, tsiku lina udzandithokoza. Anzakewo atandiona anaima mwaulemu. Mmodzi, wojintcha, ananyonyomala pang'ono n'kundipatsa moni, kenako anati, "Kamdzukulu mwakasiya kuti, amayi? Ife timafuna tikaone lero, timangokaonera pafoni."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Ndinayang'ana mwana wanga. Iye anapukuta nkhope ndi malaya, n'kuuza anzakewo kuti atsogole ku lole. Titatsala awiri ndinayesa kuyankhula, koma kunkangotuluka manong'onong'o. Ndinamukokera pafupi n'kumunong'oneza zonse, za mayi wa zigege, za nyimbo ya choko sichiyamwitsa, za tambala, za lamulo. Anamvetsera ataweramitsa mutu kuti khutu lake lifike pakamwa panga, poti ndi wamtali.

Nditamaliza anawongoka. Sanakweze mawu. Anati, "Za mwana wanga ndinawauza ndekha teremu yoyamba, sabata yachiwiri. Chithunzi chake chili pakhoma pa bedi langa. Aphunzitsi athu amadziwa, ndipo m'kalasi mwathu tilipo anayi a ana. Akanayimba, amayi. Ndikanavina nawo."

Ndinayang'ana pansi, iye n'kupitiriza.

"Amene amachita naye manyazi mwana uja ndinu," anatero. "Ine ayi. Koma za chibwibwi, za kalata, za mphasa, zimenezo pabwalopo panalibe wina wozidziwa. Munali inu nokha. Lolemba ndikaima kutsogolo kwa ana a Sitandade 5 kusukulu yomwe tikuyesererako kuphunzitsa, ndipo theka la anawo amakwera kabaza wa anyamata omwewa."

Ndinanong'ona kuti pepa. Sindikudziwa ngati anamva, chifukwa kubwalo kunali phokoso, anyamata athu anali atalowetsa. Ndinafuna kuti andikalipire, anditukwane monga ndikanachitira ine, koma mwana ameneyu anatengera bambo ake, akapsa mtima amazizira. Anatola chikwama chake pansi n'kuchikoleka paphewa.

"Holide ikubwerayi ndidzamuuza ndekha mwanayo kuti mayi wake ndine," anatero. "Inu musavutike kukonza mawu. Mwayimba zokwana."

Ananyamuka kupita ku lole, ine ndinatsala pampopi, madzi akudontha pa mapazi anga. Kubwalo anali atayamba kale kundiitana kuti ndikayambitse ya anyamata.